Themositati ya oil cooler: chifukwa chake oyilo wozizira si wabwino ku injini

Mwini galimoto aliyense amadziwa mantha a singano ya kutentha kwa injini ikamakwera. Ikangodutsa pakati pa geji, maso sachokanso pa dashibodi, wailesi n'kuzimitsa. N'chifukwa chake ambiri akamva koyamba ntchito ya themositati ya oil cooler amapukusa mutu. Munthu walowa m'thumba kugula kachirediyeta koziziritsa oyilo, wakamangirira kutsogolo kumene kumawomba mphepo, kenako akuuzidwa kuti aikenso kachipangizo kena koti oyiloyo azilambalala kachirediyetako mpaka atatentha. Zimamveka ngati kusewera ndi ndalama. Komatu opanga injini amachita zimenezi dala, pakuti oyilo wozizira amadya injini mwakachetechete, ndipo palibe nyali yofiira imene imayaka kukuchenjezani.

Tengani chigubu cha 15W-40, oyilo amene madizilo ambiri kuno amathiridwa. Nambala yachiwiriyo, 40, imanena za kulemera kwa oyilo akakhala pa 100°C, chifukwa ndi pamene amayezera. Pa kutentha kumeneko kulemera kwake kumakhala 14 kapena 15 pa muyeso umene akatswiri amaulemba cSt. Oyilo yemweyo akakhala pa 40°C amapitirira 100 pa muyeso womwewo, ndiye kuti walemera pafupifupi kasanu ndi kawiri. Ndipo 40°C si kuzizira ayi. Galimoto yogona panja ku Dedza mwezi wa Julaye imadzuka oyilo wake ali cha m'ma 10°C. Tsono mipata ya m'mabeyaring'i, kukula kwa pampu ndi timabowo todutsa oyilo m'kati mwa buloko, zonsezi anazipanga poganizira oyilo wotentha. Wolemera amachedwa kufika kumtunda kwa injini, pampu imavutika kumukankha, zitsulo zimayenda mokakamira, ndipo mafuta amapita ambiri pa ulendo womwewo.

Choopsa kwambiri ndi madzi. Lita imodzi ya petulo ikapsa m'injini imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ali nthunzi. Yambiri imatulukira ku ekizozi, ndipo ndi imene mumaiona ikudontha kumchira kwa galimoto m'mawa. Koma maring'i a pisitoni satseka kotheratu, ngakhale injini ikhale yatsopano, moti nthunzi ina imazembera pansi kukafika musampu, chibeseni cha pansi pa injini chosungira oyilo, pamodzi ndi mwaye ndi petulo wosapsa. Ikapeza zitsulo ndi oyilo zili zozizira, imasanduka madzi n'kukhazikika momwemo. Madziwo akasakanikirana ndi zotsalira za moto amapanga asidi amene amadya mabeyaring'i, komanso matope akuda bii amene amatseka kasefa ka pakamwa pa pampu. Tsegulani chitsekerero chothirira oyilo pa galimoto ya mayi kapena bambo amene amangoyenda kuchoka kunyumba kukasiya ana kusukulu n'kubwerera, muchitembenuze. Mukapeza phala loyererako litamata kunsi kwake, pomwe madzi a murediyeta sakuchepa, nthawi zambiri mwapeza oyilo amene sakupatsidwa mpata wotentha.

Sikuti oyilo musampu ayenera kufika 100°C ndendende kuti madziwo achoke, monga ena amanenera. Pa 80 kapena 90°C madzi amauluka ndithu akapatsidwa nthawi, ndipo oyilo akamawazidwa kunsi kwa mapisitoni amakumana ndi kutentha koposa kwa musampu. Chofunika n'choti afike pamenepo msanga, akhalepo nthawi yotalikirapo.

Mbali ina ija tonse tikuidziwa, sindichulutsapo gaga. Oyilo akatentha mopyola amapepuka, pulesha imatsika, kachikuto kake pakati pa zitsulo kamapyapyala, ndipo amakalamba msanga. Akatswiri ali ndi lamulo lapakamwa loti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, oyilo amawonongeka mofulumira kawiri. Kwa galimoto zambiri zoyenda pamsewu, malo abwino ali pakati pa 90 ndi 110°C. Oyilo wamba akamakhalitsa pamwamba pa 120 kapena 130°C amayamba kupsa, pomwe wa synthetic, wopangidwa mwapadera, amapirira kupitirirapo. Tsono mpata wabwinowo ndi wochepa, pomwe ntchito ya injini imasinthasintha kwambiri: pano ikutsetsereka yopanda katundu, mphindi khumi zikubwerazi ikukwera phiri itasenza matumba a chimanga.

Zoziziritsira oyilo zilipo za mitundu iwiri, ndipo ndi mtundu umodzi wokha umene umafuna themositati yakeyake. Woyamba ndi wogwiritsa ntchito madzi a injini. Ndi umene uli m'mbali mwa buloko ya Hilux ya dizilo kapena Land Cruiser ya injini ya 1HZ, timbale tachitsulo tosanjikizana tobisika kuseri kwa chivundikiro, oyilo akudutsa m'kati, madzi akuzungulira kunja. Mtundu uwu umadzilamulira wokha. Madzi amatentha msanga kuposa oyilo, choncho m'mawa ndi madzi amene amafunditsa oyilo. Ntchito ikakula, oyilo n'kupitirira madzi, zinthu zimatembenuka, madzi aja amayamba kumuchotsa kutentha. Wachiwiri ndi kachirediyeta kodalira mphepo, kamene kamakhala kuseri kwa bampala kapena kutsogolo kwa rediyeta yaikulu, kolumikizidwa ndi mapaipi awiri. Aka kalibe nzeru. Mphepo ikamawomba kamaziziritsa basi, kaya oyilo ali pa 130°C kaya pa 30°C.

Pa galimoto zimene cooler yotereyi inaikidwa pambuyo, themositati imakonda kukhala m'kambale ka aluminiyamu kamene kamalowa pakati pa fyuluta ya oyilo ndi buloko. Mumamasula fyuluta, kambaleko n'kumangirira pamalo pake, fyuluta n'kubwerera pamwamba pa kambale. M'mbali mwake muli mabowo awiri, lina la paipi yopita ku cooler, lina la yobwerera. Mukamasula chitsekerero chachikulu cha m'mbali, mumatuluka sipuling'i, kenako kachitsulo kobulungira koyenda uku ndi uku m'bowo lake, ndipo kumapeto kwake kuli kabotolo kakang'ono kamkuwa kokhala ndi kamsomali kotulukira kunja. M'kabotolomo muli phula losakanizidwa mwapadera kuti lizisungunuka pa kutentha kumene opanga asankha. Phula likamasungunuka limafufuma, limasowa kolowera, ndiye limakankha kamsomali kaja. Kamsomali kamakankha kachitsulo, kachitsulo kamapanikiza sipuling'i. Oyilo akazizira phula limauma n'kunyala, sipuling'i imabweza zonse pamalo pake. Mulibe waya, mulibe kompyuta. Nzeru ya phulayi anaitulukira katswiri wina dzina lake Sergius Vernet m'zaka za m'ma 1930, ndipo ndi yomwe imayendetsanso themositati ya madzi.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Themositati ya madzi imakhala yotseka injini ikazizira, ikatentha imatsegula njira yopita ku rediyeta. Ambiri amaganiza kuti ya oyilo imachitanso chimodzimodzi, koma zambiri mwa izo zimagwira ntchito mosemphana. Njira yopita ku cooler imakhala yotsegula nthawi zonse. Chimene themositati imalamulira ndi njira yachidule ya m'kati mwa kambale, yolumikiza polowera ndi potulukira. Amene anathirirapo dimba ndi ngalande amvetsa msanga: madzi akapeza mphanda, ina yaifupi yotsetsereka, ina yaitali yozungulira mabedi onse, pafupifupi onse amathamangira yaifupi ija osauzidwa ndi munthu, ndipo mukafuna kuti azungulire mabedi mumangotseka yaifupiyo ndi chibuma. Oyilo wozizira ndi wolemera, timipata ta mu cooler ndi tating'ono, choncho pafupifupi yense amadzera pachidule, wochepa chabe ndi amene amayenda m'mapaipi. Phula likamafufuma kachitsulo kaja kamatseka chidulecho pang'onopang'ono, mpaka oyilo yense asowe kwina kodzera.

Anachipanga motero pa zifukwa zomveka. Kaoyilo kochepa kodutsa mu cooler kamachititsa kuti mapaipi azikhala odzaza, opanda mpweya, komanso ofunda, kuti nthawi yosinthira njira isafike ndi chimulu cha oyilo wozizira kwambiri kulowa m'mabeyaring'i otentha. Chachikulu n'chakuti kachipangizoka kakafa, kaya kaimira mbali iti, oyilo amapezabe njira. Injini ikhoza kupirira oyilo wotentherapo kwa kanthawi, koma singapirire kusowa oyilo ngakhale mphindi imodzi.

Tsopano tifike pa chimene themositatiyi imachita ndi kutentha kwa oyilo, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama. Iyo imaika malire a pansi. Malire a pamwamba saikidwa ndi iyo. Ikangotseka chidule chija yamaliza ntchito yake, palibenso chimene ingawonjezere. Kuyambira pamenepo kutentha kwa oyilo kumadalira zinthu zina: injini ikuthira moto wochuluka bwanji mu oyilo, cooler ndi yaikulu bwanji, mphepo ikudutsamo yochuluka bwanji, ndiponso mphepoyo ndi yotentha motani. Cooler imataya kutentha malinga ndi kusiyana kwa oyilo ndi mpweya wakunja. Oyilo amakwera mpaka kusiyanako kutakula mokwanira kuti moto wotuluka ufanane ndi wolowa, n'kuima pamenepo.

Yerekezani pikapu yokoka thirela ikuchoka ku Chikwawa masana a mu Okutobala, kunja kuli 40°C, n'kuyamba kukwera chitunda cha Thabwa kulowera ku Blantyre. Giya yachiwiri, phazi lili pansi, liwiro lochepa, mphepo yodutsa mu cooler ndi yochepa komanso yotentha juu. Tinene kuti pa ntchito imeneyi moto wolowa ndi wotuluka ukufanana oyilo akafika 125°C. Pikapuyo ikhale ndi themositati ya 80°C, oyilo akaima pa 125. Ikhale ndi ya 95°C, akaima pa 125 pomwepo. Muichotseretu, ndi 125 yomweyo. Kusiyana kuli pa poyambira chabe: ya 80°C imafika patsinde pa chitunda oyilo ali wozizirirapo, choncho imatenga mphindi zingapo zowonjezera kuti ifike pamwamba paja. Ngati chitunda n'chachifupi, mphindizo zikhoza kukupulumutsani. Ngati n'chachitali, mwangochedwetsa chabe. Tsono pikapu yomweyo itsetsereke ku Chiweta m'mamawa mwezi wa Juni yopanda katundu. Injini sikugwira ntchito yolemetsa, mphepo yozizira ikudutsa mu cooler mwamphamvu. Yopanda themositati ija oyilo wake akhoza kutsikira ku 60 kapena kucheperapo n'kukhala komweko ulendo wonse, pomwe ya themositati imatsegulanso chidule chija, oyilo n'kusunga kutentha kwake.

Nkhani ya BMW 335i, imene inatuluka mu 2006 ndi injini ya N54 ya maturbo awiri, imaonetsa bwino zimenezi. Pa zimene zinali ndi cooler, themositati yake imayamba kutumiza oyilo kokazizira cha m'ma 110°C, ndipo geji ya pa dashibodi kulozera pakati pa 110 ndi 120°C si chachilendo. BMW inasankha dala oyilo wotentha chotero kuti zitsulo ziziyenda mopepuka, mafuta apite ochepa, podziwa kuti m'injinimo muthiridwa synthetic. Oyilo akayandikira 150°C kompyuta imadula mphamvu ya injini kuti iiteteze. Eni ake ambiri ku Ulaya ndi ku America, poopa manambalawa, anagula timavalavu tolowa m'malo mwa themositati kuti oyilo azidutsa mu cooler nthawi zonse. M'tauni ndi pamsewu waukulu geji inatsikadi. Koma amene amathamangitsa galimoto pa bwalo la mpikisano anapeza kuti pakapita maulendo angapo ozungulira singano imafikabe kumene inkafika kale, ndipo mankhwala enieni anali cooler yaikulu kapena yachiwiri. Ine ndimaona kuti pa galimoto yoyenda pamsewu kusinthako n'kugula mtendere wa maso basi.

Wina angafunse chifukwa chake geji ikulozera 95 kapena 100°C pomwe pa kambale, monga ka kampani yotchuka ya Mocal, akuti 80°C. Sikuti kawonongeka. Nambala yolembedwayo kawirikawiri ndi pamene phula limayamba kukankha, ndipo chidule chimatsekeka chonse patapita madigiri ena angapo. Kenako pali nkhani ya pamene sensa yaikidwa. Ya musampu imawerenga oyilo amene wangobwera kuchokera ku mabeyaring'i ndi mapisitoni. Ya pa paipi yobwerera imawerenga amene wangoziziritsidwa. Galimoto imodzi, nthawi imodzi, manambala awiri osiyana. Anthu awiri akamakangana za kutentha kwa oyilo wa galimoto zawo asanafunsane pamene sensa ili, akungotaya malovu.

Injini zoziziritsidwa ndi mphepo, zopanda madzi, ndi zimene zimadalira nkhaniyi kwambiri chifukwa oyilo amasenza gawo lalikulu la kutentha. Porsche 911 SC ya zaka za 1978 mpaka 1983 inali ndi mathemositati awiri a oyilo. Imodzi ili pa injini, yolamulira cooler ya pomwepo. Ina ili pafupi ndi tayala lakumbuyo la kumanja, ndipo oyilo akafika cha m'ma 80°C imamutumiza m'mapaipi aatali mpaka kutsogolo kwa galimoto kuti akazizire kumeneko. Oyilo wa galimotoyi amapitirira malita 10, ndiye popanda themositati yachiwiriyo bwenzi akutenga nthawi yaitali kwambiri kuti afunde. VW Beetle yakale inalibe phula m'njira ya oyilo, inagwiritsa ntchito pulesha. Oyilo akakhala wozizira ndi wolemera, pulesha imakwera, imakankha kapisitoni kokhala pa sipuling'i, oyilo n'kulambalala cooler. Akatentha n'kupepuka, pulesha imatsika, kapisitoni kamabwerera, oyilo n'kuyamba kudutsa mu cooler. Nzeru yotsika mtengo, koma ili ndi msampha: munthu akathira oyilo wolemera kwambiri pofuna kuteteza injini ku dzuwa, pulesha imakhalabe pamwamba, kavalavu kamaganiza kuti kudakali m'mawa, ndipo oyilo amapitiriza kuzemba cooler pa nthawi imene akuifunitsitsa.

Kuno kwathu galimoto zokhala ndi themositati ya oyilo ndi zochepa, koma nkhaniyi imatikhudza kudzera khomo lina. M'magalaja ambiri galimoto yochokera ku Japan ikangoonetsa chizindikiro chotentha, mawu ake ndi omwewo: "Bwana, tichotse themositati, izi n'za kwawo kozizira." Akunena ya madzi, imene pa injini zambiri za Toyota imayamba kutsegula pa 82°C. Ikachotsedwa, madzi amazungulira murediyeta kuyambira pa sitata, ndipo pa msewu wautali kapena nyengo yozizira safika pomwe ayenera kufika. Pa injini ya cooler ya madzi ija, ndiye kuti mwachotsanso chimene chimalamulira kutentha kwa oyilo, pakuti madzi ozizirawo amamukokera pansi ulendo wonse. Pa injini ya petulo yamakono, kompyuta ikaona madzi ozizira imapitiriza kuthira mafuta ochuluka poganiza kuti injini sinafunde, ndipo ena mwa mafutawo amatsikira musampu kukasungunula oyilo. Chimene chinkatenthetsa galimoto poyamba, kaya ndi rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri, fani yofooka kapena chitsekerero chosagwira pulesha, chimatsala momwemo, chikudikira chitunda. Themositati yowonongeka mankhwala ake ndi yatsopano.

Ya oyilo nayo imafa, ngakhale si kawirikawiri. Phula likadontha m'kabotolo, kamsomali sikakankhanso, chidule chimakhala chotsegula, ndipo oyilo amatentha cooler ili chikhalire. Matope kapena tizitsulo tikagwira kachitsulo kaja mbali inayo, oyilo amachedwa kufunda ndipo pa msewu wautali amazizira. Kuyesa n'kosavuta. Lizani injini yozizira, mudikire mphindi zingapo, mukhudze mosamala mapaipi awiri aja. Ayenera kukhala ozizira kapena ofunda pang'ono. Ngati yopita ikutentha limodzi ndi fyuluta kuyambira pachiyambi, oyilo yense akudzera ku cooler nthawi isanakwane. Yendani ulendo wabwino wokhala ndi chitunda, muime, muyezenso, koma ulendo uno osagwira ndi dzanja. Kamfuti koyezera kutentha patali kamagwira bwino ntchitoyi. Paipi yopita iyenera kukhala yotentha kwambiri, yobwerera yotsikirapo. Zonse ziwiri zikakhala zofunda chabe pomwe geji ili pamwamba, themositati yagona. Mukhozanso kutulutsa kabotoloko n'kukaviika mumphika wa madzi pamoto, muone ngati kamsomali kakutuluka madzi asanawire. Izi zimatheka pa ya 80 kapena 90°C. Ya 110°C singasunthe m'madzi, amene amawira pa 100°C m'mbali mwa nyanja yamchere ndipo ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amawira asanafike n'komwe pamenepo chifukwa cha kukwera kwa malo. Ambiri ataya themositati yabwinobwino atayesa motere.

Kodi ndani akufunika cooler ya mphepo? Vitz kapena Sienta yoyenda m'tauni siikufuna. Galimoto yokoka katundu wolemera m'zitunda, injini imene yawonjezeredwa turbo kapena mphamvu, ndi galimoto ya mpikisano, izi zikhoza kuifuna, ndipo chanzeru n'kuyamba mwaika geji kuti muone ngati vuto lilipodi. Mukaganiza zoika, themositati isasiyidwe ponena kuti kuno n'kotentha. Dziko lomweli lili ndi Nsanje komanso Nyika, ndipo ngakhale ku Nsanje injini imadzuka yozizira m'mawa uliwonse. Pa galimoto ya tsiku ndi tsiku ine ndingasankhe yoyambira cha m'ma 90°C kusiyana ndi ya 80°C, cooler ikhale yaikulu mokwanira. Cooler yaikulu yokhala ndi themositati siingaziziritse mopyola, pomwe yaing'ono palibe chimene chingaikulitse.

Pomanga, mapaipi akhale otakata, chifukwa opapatiza amadya pulesha imene imayenera kufika ku mabeyaring'i. Akhale opangira oyilo wotentha, osati a madzi kapena a mafuta, ndipo asakhule pa chitsulo chilichonse. Paipi ya oyilo ikaphulika pa liwiro, sampu imauma m'kanthawi kochepa kwambiri. Pa misewu yathu ya miyala cooler yoikidwa pansi kwambiri imafuna kawaya kotchinga. Cooler ndi mapaipi ake zimamwa oyilo wowonjezera, choncho mukamaliza kumanga musakhulupirire dipisitiki ya poyamba. Yendetsani galimoto mpaka paipi yobwerera itatentha, kusonyeza kuti oyilo wadzaza njira yonse, muzimitse, mudikire pang'ono, muyezenso n'kuwonjezera. Pa sevisi iliyonse oyilo wina wakale amatsalira mu cooler ngakhale mutsegule sampu mpaka kudontha komaliza. Injini ikanoka, tizidutswa ta mabeyaring'i timabisala m'timipata ta cooler ndi kuseri kwa kachitsulo ka themositati, ndipo kutsuka ndi petulo sikutichotsa tonse. Pomanga injini yatsopano, cooler yakaleyo isabwererepo, kambale kamasulidwe n'kutsukidwa chidutswa ndi chidutswa.